Nthenga ya Kameta

Alamu anga a Zakeyu ndi munthu wokonzekera zinthu msanga mpaka kukwiyitsa. Misa ya eyiti koloko iwo amafika seveni isanakwane, n'kukhala pa benchi okhaokha ngati mlonda. Za mbewu ya chaka chamawa amayamba kufunsa fodya wa chaka chino asanachoke m'chigafa. Ndiye sindinadabwe kwenikweni tsiku lija nditawaona akutsika njinga, pa kaliyala atamangapo nkhuku, chikhalirecho alendo oti adye nkhukuyo anali oti abwera pakatha masabata atatu athunthu.

Koma ndiyambe ndakuuzani za alendowo, mungasokonezeke.

Ine ndine Gertrude. Achemwali anga a Helena, amene ndinawaponda pamutu, anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira. A Zakeyu ndi amuna awo. Kwawo ndi ku Nambuma, ndipo kuno kwathu, kuseri kwa Namitete, anabwera kudzakhala chikamwini ine ndili kamtsikana ka sitandade sikisi. Papita zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mango onse a pakhomo pano anabzala ndi iwo, chigafa anamanga ndi iwo. Ana awo, Judith ndi Owen, anakulira pompano, lero wina ali ku Lilongwe wina ku Joni. Koma malo ndi a mbumba yathu, ndipo mkazi akamwalira mkamwini amasudzulidwa: abale ake amabwera, timawathokoza, timam'masula, iwo n'kutenga munthu wawo kubwerera naye. Chaka chinali chitakwana. Achimwene athu a Levison, eni mbumba, anali atatumiza kale mawu ku Nambuma, tsiku n'kupangana, Loweruka lomaliza la Seputembala.

Ndinene mosabisa, ine sindinkafuna kuti apite. Kukangana tinkakangana, eya, tsiku ndi tsiku. Mbuzi zawo zinkandidyera ndiwo zoyanika, wailesi yawo inkayamba kulira tambala asanatsike, ndipo ine ndinkawakalipira kudutsa pa mpanda mpaka mawu kusasa. Koma tangoganizani, munthu wakhala nawe mpanda umodzi moyo wako wonse, wanyamula bokosi la amayi ako, wanyamula la amuna ako. Nditawafunsa a Levison anangoti, "Palibe akuwathamangitsa. Akanena okha kuti akufuna kukhala, akhale." A Zakeyu nawo, ulemu wawo wopitirira muyeso uja, angapemphe malo a eni? Aliyense ankadikira mnzake, masiku n'kumapita.

Nanga iweyo bwanji osanena, mukutero eti? Ine ndine wamasiye. Ndikanangoti alamu musapite, m'mawa mwake pa mjigo nkhani ikanakhala yakuti Gertrude akufuna kulowa m'nyumba ya mkulu wake, maliro asanazizire n'komwe. Pakamwa pa amayi a pa mjigo wathu ndimapadziwa bwino, poti zikakhala za ena ndimathandizira nawo.

Tsono tsikulo anali atapita ku chipatala cha mishoni kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, n'kudzera pamsika.

"Kodi alamu, chimenecho n'chiyani?"

"Ndiwo za alendo, alamu."

Anaimasula n'kuigoneka pamthunzi, miyendo yonse iwiri ili yomanga ndi luzi. Unali msoti wa kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi, khosi lili psuu ngati laphikidwa kale. Nditainyamula, abale inu, chikho chopanda madzi chimalemera.

"Nkhuku zadzaza khola uko, khumi ndi ziwiri, inu n'kukagula mafupa ku Namitete?"

"Zimene zija n'za malemu," anatero akupukuta thukuta ndi chipewa. "N'za pakhomo pano. Alendowa ndi anga."

Mawu amenewo anandibaya. Munthu woti nkhukuzo amazidzukira m'mamawa, amazikumbira chiswe, lero akuti si zake? Ndinafuna kulira, ndiye ndinawanyoza.

"Mwasankha yofanana nanu. Dazi mpaka m'khosi."

Anaseka, n'kugwira pamutu pawo.

"Bweretsani kuno ndikuinenepetsereni," ndinatero. "Alongo anu angakanene ku Nambuma kuti tinawadyetsa nthenga."

Ndinaitengera kwanga. Luzi lija ndinadula, n'kuimanga mwendo umodzi ndi chingwe chachitali pa mwendo wa nkhokwe yanga, kutali ndi zinzake. Amene anakulira kumudzi akudziwa kusiyana kwake. Ya ndiwo timamanga miyendo yonse, poti ilibe kopita. Yomanga mwendo umodzi ndi yoweta, ikuphunzira pakhomo. A Zakeyu anasuzumira pa mpanda, anaona chingwecho, n'kundiyang'ana ine.

Musaganize kuti ndinali ndi nzeru ina yake yakuya, ayi. Ndinkangoganiza mopusa kuti nkhukuyo ikazolowera pano, mwina chinachake chisintha. Chiyani, sindinkadziwa.

Masabata awiri inakhala payokha. Nyengo yotentha ino ndi ya chitopa, ndipo nkhuku ya pamsika siuponya m'khola tsiku lomwelo, ungakwirire khola lonse. Ndinkaipatsa madeya, nyenyeswa za mtedza, masamba a mpiru. A Maria, amene amayenda ndi katemera m'mudzi muno, atafika ndi kabotolo kawo, ndinaigwira nayonso n'kuidonthezetsa m'diso.

"Nkhuku ya mpeni mukuitemeranji?" anafunsa a Zakeyu.

"Mukufuna alongo anu adye chitopa?"

"Ayi, ndimangofunsa."

"Muzifunsa zanzeru."

Pamene ine ndinkanenepetsa nkhuku, iwo ankalongedza. Lero aika malaya m'thumba. Mawa abweza nkhwangwa ya a Levison imene inakhala kwawo zaka khumi. Anafolera khola mwatsopano, anakonza chitseko cha bafa langa osawatuma. Sabata yachiwiri anakulunga wailesi m'chitenje cha malemu n'kuiika pansi pa thumba. M'mawa mwake ndinadzuka pakhomo pali zii. Wailesi yomweyo imene ndinkaitukwana! Ndinakhala pakhonde tiyi n'kuzizira m'kapu, mtima ukundiwawa.

Masiku khumi ndi anayi atakwana, kutatsala sabata imodzi, ndinati lero kameta akaonane ndi anzake. Nkhuku za achemwali ndi zanga ziwiri zimadyera pamodzi, zimagona khola limodzi. Masana dzuwa lili paliwombo ndinathira madeya mulu umodzi pakati pa bwalo, zonse n'kuthamangira, ine n'kumasula chingwe, n'kumuponya kameta pakati pawo.

Mayo ine!

M'gulumo muli thadzi lalikulu la mawanga ngati nkhanga, limene achemwali analitcha Mayi Tcheya, chifukwa palibe chimachitika pabwalo ilo lisanavomereze. Linasiya kudya, linatukula mutu, linapendeka diso limodzi. Kenako jo! pakhosi penipeni popanda nthenga paja. Zinazo zitaona kuti Tcheya wayamba, zonse zinalowerera, ngakhale kankhuku kanga kopunduka kamene masiku onse kamadya komalizira. Ndinakuwa, ndinaponya chitsononkho, ndinaponya patapata. Kameta anatulukira pansi pa mpanda magazi ali chuchuchu, liwiro kulowera kumunda, kumene kumatulukira ku msewu wa Mchinji.

Ndinam'thamangira. Mayi wa msinkhu wanga kulumpha mizere, chitenje m'manja, chisoso chili mbwee mu siketi, ndikutukwana nkhuku ndi makolo ake omwe. Ndikayandikira, iye uyo. Ndikazungulira uku, iye wadzera uko. Mpweya utandithera ndinakhala pa mzere, ndipo ndi pamene ndinawaona alamu akubwera pang'onopang'ono, m'manja muli kachigoba ka chiswe.

Sanathamange. Ananjuta patali pang'ono ndi chitsamba chimene kameta anabisalamo, n'kuwaza chiswe pafupi ndi mapazi awo, akuitana chapansipansi. Anadikira mpaka ine kutopa ndi kuonerera. Kameta anatuluka, anatola chimodzi, anasendera, anatola china. Dzanja linangomutsikira pamsana.

"Alamu," anatero akuyang'ana bala lija, "simutero."

"Ndiye amatani? Achemwali sankavutika chonchi. Ankati akabweretsa nkhuku yachilendo, pakatha masiku angapo yasakanikirana ndi zinzake, ndewu osaiona."

Anamwetulira, koma maso ali pa nkhuku.

"A Helena masana ankagona."

Zaka zonsezi mudzi wonse unkatama dzanja la achemwali pa nkhuku. Amayi ankabwera kudzawafunsa nzeru, iwo n'kumayankha molimba mtima, amuna awo ali phee pambali akusoka matumba a fodya.

"Ndiye munali inu?"

"Tinkathandizana."

Bodza la ulemu limenelo. Kuyambira tsiku limenelo ntchito anailanda, ine ndinasanduka wotumidwa. Bala analitsuka ndi madzi amchere. Anatapa fumbi pamalo pamene nkhuku zimasamba, kuseri kwa khitchini, n'kumupaka kameta thupi lonse mpaka kunsi kwa mapiko, ati azimveka fungo la pakhomo. Kaya nkhuku zimanunkhiza, ine sindikudziwa, sindinafune kuyambitsa mkangano wina. Anatenga dengu lakale lobookabooka n'kumuvundikira pakati pa bwalo, mwala pamwamba, kuti zinzake zizimuona koma mlomo osafika. Tcheya anazungulira dengulo masiku awiri ngati wapolisi. Tsiku lachitatu anatopa nalo, n'kumakapalasa kwina.

Lachiwiri m'mawa alamu anavundukula dengu. Madeya anathira malo atatu otalikirana, ati Tcheya sangalondere mbale zitatu. Iwo anakhala pa kampando ndi bango lalitali. Tcheya akati ayambe, ankangomukhudza pachifuwa ndi nsonga ya bango.

"Menyani!" ndinatero. "Chimfiti chimenecho!"

"Salakwa. Ndi pake pano. Kujompha pang'ono musiyeni ajomphe, bola magazi asatuluke. Winayu adziwe poima."

Dzuwa litangolowa, zonse zitakwera, anamunyamula kameta n'kulowa naye m'khola chowerama. Ine ndinaima pakhomo.

"Muikeni pamwamba apo, pali malo."

"Pamwamba pali eni ake. Ayambe pa mtanda wapansi, kumapeto, pafupi ndi kopunduka kaja. Kukwera adzakwera yekha akadzaloledwa."

"Zonsezi munaziphunzira kuti, alamu?"

"Pompano," anatero, n'kutseka chitseko.

Anayankha mosaganizira n'komwe, koma ine zinandikumbutsa zinthu zimene sindinkafuna kukumbuka. Chaka chimene anabwera, amalume anawapatsa ndime ya miyala kuseri kwa chulu kuti aone ngati ndi mwamuna. Amayi sanawalankhule miyezi itatu. Pa bwalo pakakhala nkhani ankakhala kumapeto, pafupi ndi ana. Ndipo panali kamtsikana kena ka sitandade sikisi kamene kanawathira chitedze pa mphasa, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe kukuseka munthu akudzikanda. Sananene kwa aliyense. M'mawa mwake anakakonzera kamtsikanako lamba wa nsapato. Tcheya wa nthawi imeneyo ndinali ine, ndipo ndinachita manyazi zaka makumi anayi zitadutsa.

Pofika Lachinayi kameta ankadya pakati pa zinzake. Bala linali litauma, thupi litayamba kulemera. Tcheya ankamujompha kamodzi m'mawa, kungokumbutsa, basi. Ndipo kulikonse kumene alamu apita, kameta ali pambuyo: ku chigafa, ku dimba, mpaka pakhomo la chimbudzi kuwadikira.

"Kwatsala nthenga," ndinatero.

Kaya kwina amatero, kaya ndi zathu zokha, koma amayi athu anatisiyira kamwambo. Nkhuku yachilendo ikazolowera, timazula nthenga imodzi ya kumchira n'kuitsomeka mumng'alu wa mzati wa pakhomo la khola. Ikatero ndiye kuti yalembedwa, ndi ya pano, sisocheranso. Abambo mfumu sitinawauzepo, ndipo sindikuona chifukwa chowavutitsira.

"Zulani mutsomeke, alamu."

Anapukusa mutu.

"Ine ndinkangozula. Kutsomeka ankatsomeka a Helena."

"Chifukwa?"

"Amayi anu ananena chaka choyamba chomwe. Imatsomekedwa ndi mwini khomo." Anaimirira, n'kusasa fumbi pa thalauza. "Komanso yatsala ndi masiku awiri. Musavutitse nthenga."

Atachoka ndinapita pa mzati paja. Ndi wa muwanga, ndipo anakaudula ndi iwo omwe chaka chimene anabwera. Khola lagwa kangapo, lamangidwanso kangapo, mzati ndi womwewo. Mumng'alu mwake munali nthenga zothithikana kuyambira m'munsi mpaka m'mwamba, zakuda, zofiira, zina zongotsala timitengo. Pamwamba penipeni panali yoyera, ya nkhuku imene Judith anabweretsa amayi ake atayamba kale kudwala. Nkhuku iliyonse pamenepo anaizoloweretsa ndi a Zakeyu, nthenga iliyonse anazula ndi iwo, n'kupereka kwa akazi awo, iwo n'kuima pambali. Ndinagwira mzatiwo ndikulira, kwinaku ndikuyang'ana ngati pali wondiona.

Lachisanu ndinawapeza a Levison akusenda bango pakhonde pawo. Moni sindinapereke.

"Achimwene, munthu uja akupitadi mawa."

"Ndinanena kale. Akanena okha..."

"Sanganene! Munthu woti nthenga ya nkhuku akuopa kutsomeka, apemphe mudzi?"

"Nthenga yanji?"

"Zisiyeni. Inu ndinu eni mbumba, auzeni."

"Ine ndikawauza, avomera chifukwa cha ulemu, n'kumakhala ngati tawamanga. Nena iwe. Amene umakangana nawo ndiwe."

"Anthu adzati chiyani?"

A Levison anasiya mpeni n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Gertrude, anthu unayamba liti kuwaopa? Si iwo amaopa iwe?"

Ndinachoka ndikung'ung'udza.

Loweruka alendo anafika dzuwa litangokwera, pa njinga zamoto ziwiri, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali a Ndaziona, alongo awo a alamu, mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndi a Simeon, mphwawo. Tinawayalira mphasa pansi pa mango. A Levison anabwera atavala jekete la ku tchalitchi, akuluakulu ena awiri a mbumba ali pambuyo. Thumba la alamu linali kale pakhonde, lomanga bwinobwino ndi chingwe. Amayi a pa mjigo nawo, mwadzidzidzi aliyense anali ndi chofuna kubwereka kwa ine, wina sefa, wina mchere, n'kumaima pa mpanda osachoka.

Malonje atatha, a Zakeyu anati nkhani zisanayambe ndiwo zikhale zili pamoto. Anatenga mpeni n'kukaunola pa mwala wa pakhonde. Kunola kwake kunatalika, mpeni wakuthwa kale. Kenako anaimirira pakati pa bwalo n'kuitana chapansipansi muja.

Nkhuku ya ndiwo timaithamangitsa, fumbi koboo, agalu kuuwa, anthu kugwa. Uyu anabwera yekha. Anasiya zinzake ku dzala, anathamanga khosi lili patsogolo, n'kudzaima pa mapazi awo akuyang'ana m'manja ngati muli chiswe. Anawerama n'kumunyamula. Kameta anakhazikika m'khwapa mwawo, phee.

"Ndiwo zanu ndi izi, achemwali," anatero kwa a Ndaziona.

"Zikomo, achimwene. Yonona bwino."

Anatembenuka kulowera kuseri kwa khitchini. Ine miyendo inangondinyamula. Ndinawatsekera njira, ndinagwira mchira wa kameta, n'kuzula nthenga imodzi. Anakuwa kamodzi, kweee, bwalo lonse n'kucheuka.

"Gwirani," ndinatero.

"Alamu..."

"Gwirani mukatsomeke."

"Alamu, alendo akuona. Si ine mwini..."

"Mzati uwo anadula ndani? Khola anamanga ndani? Mthunzi akhalapo alendowu anabzala ndani? Amayi anga anawaika m'manda ndani?" Mawu anali atakwera, ndinkadzimva ndekha, koma kubweza kunali kosatheka. "Ine sindikufuna mupite. Mwamva? Sindikufuna. Inu a pa mpanda, mvetserani bwino mukanene zoona pa mjigo: ukwati sindikuufuna, makamaka wa munthu wa dazi. Ndikufuna alamu anga akhale pakhomo pawo. Nanga ndizikangana ndi ndani, mbuzi?"

Pa mpanda wina anaseka, wina n'kumutsina. Misozi inali ikutsika, ine osaipukuta.

"Achimwene, ndikunama?"

A Levison anakhosomola, n'kukonza jekete.

"Sakunama. Kusudzula tisudzula, mwambo uthe, munthu amasuke. Koma tikam'masula, kopita asankha yekha. Alamu, nyumba iyo ndi yanu mpaka tsiku limene tidzakugonekeni pafupi ndi mlongo wathu. Tinayenera kunena kalekale. Tinachedwa."

A Zakeyu anayang'ana alongo awo. A Ndaziona anawomba m'manja kamodzi.

"Musandiyang'ane ine, achimwene. Ife tabwera poti tinaitanidwa, ndipo mukati tiyeni, tinyamuka nanu mokondwa. Koma kunena zoona, kwathu kuja amene amakudziwani ambiri ali kumanda. Ana a masiku ano akakufunsani kuti agogo mukufuna ndani. Mtima wanu uli kuti?"

A Zakeyu anaima pomwepo, m'khwapa nkhuku, m'dzanja mpeni, ine nditatambasula dzanja ndi nthenga ngati wopemphetsa. Ndinayamba kuopa kuti ulemu wawo uja uwapambananso. Kenako anawerama, n'kuika mpeni pansi. Anamutsitsa kameta, amene anadzikung'untha n'kuyamba kutola nyerere pompo ngati palibe chachitika.

Nthenga anailandira ndi manja awiri.

Anayenda kupita ku khola, tonse tikuwayang'ana kumsana. Pa mzati anaima nthawi yaitali, akuyendetsa chala pa nthenga zakale zija. Atati atsomeke, nthenga inagwa. Anaitola, anaipukuta pa malaya. Kachiwiri inalowa, pamwamba penipeni, pambali pa yoyera ija. Ine ndinali nditawatsatira, ndiye ndinamva zimene ananena, ngakhale sankauza ine.

"Amayi a Judith, andilola."

Ndinathawira m'khitchini, ndikunamizira utsi, moto ndisanakoleze n'komwe.

Alendo anadya tambala wanga, amene tinam'thamangitsa mudzi wonse mpaka a Simeon kugwera m'dzala. Mwambo unachitika masana, mawu ananenedwa onse, a Ndaziona analira, anaseka, anapempha kuti kameta akadzaswa tidzawasungire msoti. Dzuwa litapendeka njinga zamoto zinabwera, zinanyamula anthu awiri omwe zinabweretsa.

Madzulo ndikutsekera nkhuku ndinasuzumira m'khola. Kameta anali pa mtanda wapansi, kumapeto, atatsamirana ndi kopunduka kaja. Ndikutseka chitseko ndinamva kuseri kwa mpanda chingwe cha thumba chikumasulidwa. Kenako kukhwekhwereza, kenako mawu a munthu wowerenga uthenga wa maliro ndi wa odwala, okwera mpaka nkhuku kudzidzimuka.

"Alamu! Chepetsani chiwailesi chanucho, tili ndi makutu ife!"

Anachepetsa pang'ono, monga amachitira masiku onse. Nditangolowa m'nyumba anakwezanso, ndipo ine ndinasiya chitseko chotsegula.